Thumba Loyamba la Koko

Lero tikambirana za koko, mbewu imene amapangira chokoleti. Kwenikweni tikufuna tione mmene munthu wa bizinesi yaing'ono angapezere koko woti agwiritse ntchito, osaluza mpamba wake wonse pa thumba loyamba.

Kale kupanga chokoleti inali ntchito ya mafakitale akuluakulu okhaokha. Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1990, pamene kampani yaing'ono ya Scharffen Berger ku California inayamba kugula yokha njere za koko, kukazinga ndi kupera mpaka kutulutsa chokoleti. Lero anthu otere alipo ambirimbiri, ena m'khitchini momwe. Makina operera amene ambiri amayambira nawo anachokera ku India, kumene ntchito yake yeniyeni ndi kupera mpunga ndi nyemba zonyika m'madzi. Ali ndi miyala iwiri yozungulira pamwamba pa mwala wina. Uvuni wophikira buledi umakazinga koko bwinobwino. Ndiye makina si vuto lalikulu, ngakhale kuti aliyense woyamba kumene amathamangira kufunsa za makina. Funso limene likanayenera kumusowetsa tulo ndi lakuti koko amutenga kuti, kwa yani, ndipo adziwa bwanji kuti ndi wabwino.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene mukugulacho. Chipatso cha koko chimamera pathunthu penipeni pa mtengo ndi panthambi zikuluzikulu. Mukachiswa mumapezamo njere 30 mpaka 50, zokutidwa ndi mnofu woyera, woterera, wotsekemera. Mukatafuna njere imodzi yaiwisi mudzalavula. Imawawa, imamanga m'kamwa, ndipo fungo la chokoleti mulibe ngakhale pang'ono. Fungolo limabadwa pa ntchito imene imachitika masiku otsatira, ntchito ya kuvundika. Ku Ghana alimi amaunjika njere zonyowazo pamasamba a nthochi n'kuzifunditsa ndi masamba ena. Kwina amaziika m'mabokosi a matabwa. Masiku awiri oyamba yisiti imadya shuga wa mu mnofu uja n'kutulutsa mowa. Akatembenuza mulu kuti mpweya ulowe, tizilombo tina tosaoneka ndi maso timasandutsa mowawo kukhala asidi, yemwe uja wa mu viniga, ndipo muluwo umatentha kufika madigiri 45 mpaka 50. Kutenthako pamodzi ndi asidi zimapha njere, m'kati mwake n'kuyamba kusintha: kuwawa kumachepa, mtundu wofiirira ngati wa biringano umasanduka wa khofi, ndipo zinthu zimene zidzatulutse fungo pokazinga zimapangika. Izi zimatenga masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Kenako njerezo zimayanikidwa padzuwa kwa sabata imodzi kapena kupitirira, mpaka chinyezi chitsike kufika pa 7 kapena 8 pa 100.

Alimi a fodya a ku Kasungu ndi ku Dowa andimvetsa msanga. Tsamba likhale lokongola bwanji m'munda, likawolera m'chigafa palibe chimene wogula angachite nalo. Koko ndi chimodzimodzi. Akamuvundika masiku awiri okha chifukwa mlimi akufuna ndalama mwachangu, chokoleti chake chidzawawa ngakhale muthire shuga wochuluka bwanji. Akamupitiriza masiku, amanunkha ngati nyama yoyamba kuonongeka. Akamuumitsa pamoto wa nkhuni, monga zimachitikira m'madera ena a ku Papua New Guinea kumene mvula siipereka mpata, utsi umalowa m'mafuta a njere ndipo suchokanso. Koko wambiri wa pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia savundikidwa n'komwe, amangoyanikidwa, chifukwa mafakitale amene amamugula amafunamo mafuta okha basi. Inu amene muli ndi kamakina kanu kamodzi mulibe mphamvu yokonza zolakwa zimenezi. Fakitale yaikulu imasakaniza koko wa m'maiko asanu, imathira mankhwala ochepetsa asidi, mkaka ndi vanila, zolakwa n'kubisika. Inu chokoleti chanu chili ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo lilime la wogula lidzamva chilichonse chimene chinachitika kumunda.

N'chifukwa chake ine ndimakana munthu akamanena kuti akufuna koko wa ku Ghana kapena wa ku Madagascar, ngati kuti dzina la dziko ndiye chitsimikizo. Chimene mukugula ndi ntchito ya manja ya munthu wina wake amene anavundika ndi kuyanika. Funso loyamba kwa wogulitsa aliyense likhale lakuti, anavundika ndani, motani, masiku angati.

Tsopano tione msika mmene ulili. Maiko awiri oyandikana, Ivory Coast ndi Ghana, amalima pafupifupi theka la koko yense wa padziko lapansi. Mbewu ya koko inachokera ku South America, kuchigwa cha Amazon, koma anthu a ku Ghana amakumbukira Tetteh Quarshie, wosula zitsulo amene anabwera ndi mbewuyi kuchokera pachilumba cha Fernando Po mu 1879 n'kuibzala ku Mampong. Kuyambira 1947 malonda a koko m'dzikolo amayendetsedwa ndi bungwe la boma limene lero limatchedwa COCOBOD. Boma limalengeza mtengo wogulira kwa mlimi, makampani a ziphaso amagula m'midzi, akatswiri a bungwelo amayeza ndi kumata chidindo pa thumba lililonse, ndipo nthambi ya bungwelo ndiyo imagulitsa kunja. Dongosololi lapangitsa kuti koko wa ku Ghana azidaliridwa padziko lonse. Koma linakonzedwera wogula wa matani mazanamazana. Pamisika ya ku London ndi New York, mgwirizano umodzi wogulira koko ndi wa matani 10. Kontena yaing'ono yodzaza matumba imanyamula matani opitirira 12.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone kutalikirana kwake. Mukagula makilogalamu 100 a koko wouma, n'kusankha, kukazinga, kuswa ndi kupeta, mumatsala ndi makilogalamu 75 mpaka 80 oti n'kupera. Ena onse apita ndi makoko, chinyezi ndi zinyalala. Tiyerekeze kuti mukupanga chokoleti chakuda, chokhala ndi magawo 70 a koko ndi 30 a shuga, m'mapaketi a magalamu 60. Paketi imodzi imadya koko wouma pafupifupi magalamu 55. Ngati mukugulitsa mapaketi 200 pamwezi, amene kwa woyamba kumene si ochepa, chaka chonse mufunika makilogalamu 130 kapena kupitirirako pang'ono. Amenewo ndi matumba awiri a ziguduli, chifukwa thumba la koko limalemera makilogalamu 60 mpaka 70. Matumba awiri pachaka! Kontena imodzi ingakukwanireni zaka pafupifupi 100. Ndiye musadabwe kampani yotumiza koko kunja ikapanda kuyankha kalata yanu. Sikuti ndi mwano, koma mapepala otumizira matumba awiri ndi ofanana ndi otumizira matumba 200.

Nanga ang'onoang'ono a ku Ulaya ndi ku America amatani? Ambiri amagula kwa amalonda apakati amene ntchito yawo ndi yomweyi: kuitanitsa makontena a koko wabwino kuchokera m'madera osiyanasiyana, kusunga m'nyumba za katundu, n'kumagulitsa thumba limodzilimodzi. Ku America kuli Uncommon Cacao ndi Meridian Cacao, ku Antwerp kuli Silva Cacao, ku Netherlands kuli Daarnhouwer. Amsterdam ndiye doko lalikulu la koko padziko lonse. Pali anthu amene amangomva mawu akuti wapakati n'kuyamba kukwiya, poganiza kuti aliyense woima pakati pa mlimi ndi wogula ndi wakuba. Ine sindikuona choncho. Wapakati wabwino amalipira mlimi miyezi yambiri inu musanatulutse kobiri, amasenza chiopsezo cha katundu panyanja, amayeza, ndipo thumba likakhala loipa muli ndi pokadandaula. Chimene muyenera kumufunsa ndi chakuti mlimi analandira zingati pa kilogalamu. Ena mwa amalondawa amasindikiza okha chaka ndi chaka ndalama zimene analipira. Amene akuzemba funso limeneli mumukayikire.

Koma kwa munthu amene ali ku Blantyre, Lusaka kapena Tete, njira imeneyi ili ndi chinthu chopweteka mtima. Koko wolimidwa mu Africa muno akwere sitima kupita ku Amsterdam, kenako inu mumulipirire ulendo wobwerera, ndi ndalama zakunja zimene m'mabanki mwathu n'zosowa. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Bizinesi imene mpamba wake uli m'makwacha koma katundu wake ali m'madola imagona ndi diso limodzi.

Mwayi wathu ndi wakuti koko ali pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukawoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Karonga, mwalowa m'boma la Kyela ku Tanzania, ndipo koko wambiri wa dzikolo amachokera kumeneko ndi m'madera oyandikana nawo a Rungwe. Ndi dera lotentha, la mvula yambiri, kumutu kwa nyanja yathu ya Malawi. Alimi ake ndi a minda ing'onoing'ono, ndipo koko amamubzala pansi pa mthunzi wa nthochi ndi mitengo ina. Koko wa ku Kyela wafika kutali. Shawn Askinosie, amene anasiya ntchito ya uloya ku Springfield m'chigawo cha Missouri n'kuyamba kupanga chokoleti, wakhala akugula kwa gulu la alimi a m'mudzi wa Mababu m'boma lomweli, ndipo amawagawira gawo la phindu. Ngati munthu wa ku Missouri anatha kuupeza mudzi wa Mababu, wa ku Mzuzu alibe chowiringula.

Komabe musanyamule matumba opanda kanthu n'kukwera basi mawa. Ku Kyela koko amadutsa m'makoparetivi a alimi, amasungidwa m'nyumba za katundu zovomerezeka, n'kugulitsidwa pa okushoni. Kugula mozemba pakhomo la mlimi n'kuwoloka naye usiku ndi mlandu, ndiponso koko wogulidwa motero kawirikawiri ndi uja wovundikidwa mwachangu. Mufunika wogulitsa amene ali ndi chilolezo chotumiza kunja, chiphaso chosonyeza kuti mbewuyo ilibe matenda ndi tizilombo, chilolezo cha ku unduna wa zamalimidwe cholowetsera mbewu m'dziko muno, ndi kukonzeka kulipira zimene a misonkho a MRA anganene pachipata. Muzikumbukiranso kuti chipata chimatha kutsekeka. Mu April 2025 Tanzania inaletsa kwa masiku angapo mbewu zochokera ku Malawi pobwezera chiletso chimene dziko lino linaika pa katundu wina, ndipo amalonda ang'onoang'ono a pa Songwe ndiwo anamva kuwawa. Musadikire kuti thumba lithe kuti muitanitse lina.

Ku Tanzania komweko kuli chitsanzo china chimene ndikufuna tichione bwino, chifukwa chikuyankha vuto la kuvundika lija. M'mudzi wa Mbingu, m'chigwa cha Kilombero pafupi ndi mapiri a Udzungwa, muli kampani ya Kokoa Kamili imene inayamba kugula koko mu 2013. Iwo sagula koko wouma. Amagula njere zonyowa, zongotulutsidwa kumene m'chipatso, kwa alimi ambirimbiri a m'midzi yozungulira, n'kukazivundika okha pamalo amodzi m'mabokosi a matabwa, kwa masiku ofanana, moyang'aniridwa ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Mlimi amalandira ndalama msanga ndipo ntchito ya sabata ziwiri yamuchokera. Wogula amalandira koko amene kukoma kwake chaka chino sikusiyana kwambiri ndi kwa chaka chatha. Lero dzina la Kokoa Kamili limapezeka pa mapaketi a chokoleti m'maiko ambiri. Njira yomweyi ikugwiritsidwa ntchito ku Bundibugyo ku Uganda, ndi ku Belize kumene kuli Maya Mountain Cacao. Ku Madagascar, m'chigwa cha Sambirano pafupi ndi Ambanja, minda ikuluikulu monga ya Bertil Åkesson imavundika yokha koko wake, wodziwika ndi kukoma kowawasa ngati kwa zipatso. Mukamafufuza wogulitsa, malo otere ovundikira pamodzi ndiwo muyambe nawo.

Mwamupeza wogulitsa, wakuuzani mtengo. Musatumize ndalama. Pemphani sampulo, makilogalamu awiri kapena kuchepera pang'ono, ndipo mulipire ngati akufuna kutero. Munene momveka kuti sampuloyo ichokere mu katundu yemweyo amene adzakutumizireni, osati m'kathumba kosankhidwa kosungira alendo.

Sampulo ikafika, yambani ndi mphuno. Tsegulani, lowetsani nkhope. Kafungo ka viniga pang'ono si vuto, kamachoka pokazinga ndi popera. Fungo la chuku, la utsi, la dizilo kapena la nsomba ndi chifukwa chokwanira chobwezera, chifukwa theka la njere ya koko ndi mafuta ndipo mafuta amayamwa fungo lililonse limene agona nalo pafupi. Kenako tapani dzanja limodzi n'kufinya. Njere youma bwino khungu lake limathetheka. Ikamapindika ngati mphira, chinyezi chachuluka, ndipo chuku chili m'njira. Werengani njere zimene zikukwana magalamu 100. Pamsika wa padziko lonse amayembekezera njere 100 kapena kucheperapo. Zikakhala 120 kapena 130 ndiye kuti ndi zazing'ono, makoko adzachuluka, ndipo ngati zazikulu ndi zazing'ono zasakanikirana, pokazinga zina zidzapserera zina zisanapse.

Ndiye pamabwera mpeni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa koko mawuwa ndi oona ndithu, chifukwa kunja kwa njere sikunena zambiri. Oyeza a boma amadula njere 300. Inu dulani 100, motalika, pakati penipeni, n'kuziyala pa thebulo poyera masana, osati pansi pa babu. Njere yovundikidwa bwino m'kati mwake ndi yofiirira ngati khofi ndipo ili ndi ming'alu yotseguka. Yamtundu wa biringano, yolimba, yopanda ming'alu, sinavundike mokwanira. Zoterezi zikakhalapo zochepa si mlandu, ena amazikonda chifukwa zimasunga kukoma kwa zipatso. Yotuwa ngati sileti ya kusukulu sinavundike n'komwe. Yokhala ndi ufa woyera kapena wobiriwira m'ming'alu ili ndi chuku, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa njere zochepa zokha zimaononga mphika wonse, ndiponso mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni. Muonenso zobooledwa ndi tizilombo, zimene zinayamba kumera, ndi zophwatalala zopanda kanthu m'kati. Pa muyezo umene maiko ambiri amatsatira, koko wa giredi yoyamba sayenera kupitirira njere 3 za chuku pa 100, njere 3 zotuwa, ndi njere 3 za zilema zina zonse pamodzi. Lembani zimene mwapeza, jambulani ndi foni, sungani. Katundu weniweni akadzafika mudzadulenso 100 n'kufananiza. Pakadzabuka mkangano, chithunzicho ndiye mboni yanu.

Mpeni ukatha, pangani chokoleti. Kazingani theka la sampulo pang'ono, theka lina mopitirirako, perani, thirani shuga yekha, musiye masabata awiri kapena atatu kuti kukoma kukhazikike, kenako mulawe pamodzi ndi anthu ena amene sakuopani. Pali koko amene pa mpeni amaoneka wokongola koma pakamwa alibe nkhani, ndipo pali wina wooneka wamba amene amadabwitsa.

Mudzamva mayina a mitundu: Criollo, Forastero, Trinitario. Ogulitsa ena amakonda kulemba Criollo chifukwa amadziwa kuti dzinalo limakweza mtengo. Criollo weniweni ndi wosowa kwambiri, ndipo kafukufuku amene Juan Carlos Motamayor ndi anzake anasindikiza mu 2008 anaonetsa kuti magulu a koko alipo khumi, osati atatu. M'munda wa mlimi wamba mitengo ndi yosakanikirana. Musalipire dzina.

Za mtengo tsopano. Kwa zaka zambiri tani ya koko pamsika wa ku New York inkazungulira madola 2,500. Mu March 2024 inadutsa madola 10,000, ndipo mu December chaka chomwecho inapitirira 12,000. Zifukwa zake zinali ku West Africa: mvula yosokonekera, matenda owoletsa zipatso, kachilombo kotupitsa nthambi kamene mankhwala ake ndi kudula mtengo basi, mitengo yokalamba, ndiponso ku Ghana migodi ya golide yosaloledwa, imene kumeneko amati galamsey, yomwe yameza minda yambiri. Mu 2025 mitengo inayambanso kutsika. Chodabwitsa n'chakuti pamene mtengo unali kumwamba, alimi a ku Ghana ndi Ivory Coast sanaulandire wonse, popeza boma linali litagulitsiratu zokolola pa mitengo yakale, ndipo koko wambiri anazembetsedwa kupita ku maiko oyandikana nawo. Alimi a ku Ecuador, Uganda ndi Tanzania, kumene mtengo umatsatira msika mwachangu, ndiwo anaona ndalama. Kwa wogula wamng'ono phunziro linali lowawa: mgwirizano wapakamwa umasungunuka mtengo ukakwera kanayi, ndipo mlimi amene wina akumulonjeza ndalama zambiri lerolero pa koko wosavundika bwino alibe chifukwa chodikirira sabata ziwiri, pokhapokha ngati inu mukulipira kudikirako.

Apa tibwerere ku masamu athu aja. Tinati paketi imodzi imadya magalamu 55 a koko. Mukawonjezera madola awiri pa kilogalamu iliyonse, paketi imodzi yakwera ndi masenti 11 okha a dola. Nthawi zambiri pepala lokutira ndi kusindikiza kwake zimadya ndalama zoposa pamenepo. Koma kwa amene anavundika, madola awiri pa kilogalamu ndi ndalama yoti chaka chamawa aikenso mtima pa ntchito yake. Ine ndimaona kuti wopanga chokoleti amene amanenerera mpaka kobiri lomaliza pa koko, kenako n'kukawononga ndalama pa pepala lonyezimira, wasokoneza mutu ndi mchira.

Pali nkhani ina imene ogula, makamaka alendo a m'mahotela ndi m'malo okopa alendo, adzakufunsani: ana. Mu 2001 makampani akuluakulu a chokoleti anasaina mgwirizano wa Harkin-Engel, kulonjeza kuthetsa ntchito zoopsa za ana m'minda ya koko. Kafukufuku wa bungwe la NORC la ku University of Chicago, wotuluka mu 2020, anapeza kuti ana pafupifupi 1.56 miliyoni anali akugwirabe ntchito m'minda ya koko ku Ivory Coast ndi Ghana, ambiri ndi zikwanje, mankhwala ndi katundu wolemera. Muzu wake ndi umphawi wa makolo. Zizindikiro monga Fairtrade ndi Rainforest Alliance zimathandiza, ndipo gulu la alimi la Kuapa Kokoo ku Ghana, lokhazikitsidwa mu 1993, linafika pokhala ndi gawo m'kampani ya Divine Chocolate ku Britain. Koma chizindikiro chimafuna ndalama zolipirira oyendera, ndipo magulu ang'onoang'ono ambiri amene amalima bwino alibe. Chizindikiro sichinenanso kanthu za kukoma. Inu amene mukugula matumba awiri muli ndi mwayi umene fakitale yaikulu ilibe: mungathe kupita kukaona ndi maso anu. Ndipo musalembe pa paketi zinthu zimene simunazione.

Amene mukulota zogulitsa ku Ulaya, dziwani zinthu ziwiri mwachidule. Kuyambira January 2019 bungwe la European Union linaika malire a chitsulo cha cadmium m'chokoleti, mamiligalamu 0.8 pa kilogalamu pa chokoleti chokhala ndi koko wofika theka kapena kupitirira. Vutoli limapezeka kwambiri m'nthaka za madera ena a ku South America, koma pemphani zotsatira za ku labotale kulikonse kumene mukugula. Chachiwiri, lamulo lawo la 2023 loteteza nkhalango likufuna umboni wa malo enieni a munda, wosonyeza kuti sipanadulidwe nkhalango pambuyo pa 31 December 2020. Tsiku loyambira lamuloli lakhala likusunthidwa, koma ogula akufunsa kale.

Thumba lafika pakhomo. Musaligoneke pasimenti kapena kulitsamiritsa kukhoma. Ikani pa matabwa, m'chipinda chouma, chozizira, kutali ndi anyezi, sopo ndi mafuta a galimoto. Mdani wamkulu ndi kagulugufe kakang'ono kotuwa kamene mphutsi zake zimaboola njere n'kusiya ulusi. Matumba osalowa mpweya, onga a PICS amene tikusungira chimanga masiku ano, amathandiza kwambiri, malinga ngati koko wauma mokwanira. Wosungidwa bwino amatha chaka ndi kupitirira. Ndipo musaiwale kuti koko waiwisi anayanikidwa panja, pamene nkhuku ndi mbalame zimadutsa. Amatha kunyamula salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba koopsa kwa ana. Mu 2022 fakitale yaikulu ya Ferrero ku Arlon m'dziko la Belgium inatsekedwa kwa kanthawi chifukwa cha kachilombo komweka. Malo osankhira koko waiwisi akhale osiyana ndi malo operera, ziwiya zake zosiyana, ndipo a Malawi Bureau of Standards akadzabwera kudzayendera, zimenezi adzaziyang'ana.

Mwina wina akufunsa kuti bwanji osangolima tokha. Mitengo ya koko ilipo ndithu m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja kumpoto, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, ngakhale si yambiri, ndipo Kwanza Cocoa ya ku Mzuzu yaonetsa kuti chokoleti cha koko wa m'dziko muno n'chotheka. Chovuta ndi chilimwe chathu chachitali. Koko amafuna mvula ya mamilimita 1,500 kapena kupitirira pachaka, yogwa mofalikira, ndipo miyezi youma ikadutsa itatu amavutika pokhapokha pakhale mthunzi wabwino ndi kuthirira. Amayamba kubereka patatha zaka zitatu mpaka zisanu.

Ngati mwapeza alimi a kuno kwathu amene ali ndi mitengo khumi uyu, makumi awiri uyo, vuto limene mudzakumane nalo ndi kuchepa kwa mulu. Njere za m'ndowa imodzi sizitentha mokwanira, kutentha kumathawira m'mbali, ndipo zimatuluka zotuwa. Zipatso 20 mpaka 25 ndizo zimapereka kilogalamu imodzi ya koko wouma, ndipo makilogalamu atatu a njere zonyowa amauma n'kutsala imodzi yokha. Ndiye panganani ndi alimiwo tsiku limodzi lothyola, aswe zipatso m'mawa womwewo, mugule zonyowa pa sikelo ndi ndalama m'manja, ndipo zonse zilowe m'bokosi limodzi la matabwa, loboola pansi, loyalidwa masamba a nthochi, dzuwa lisanalowe. Gulani choyezera kutentha chotalika, muzichibaya pakati pa mulu m'mawa ndi madzulo, n'kulemba m'kope. Mutembenuze pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi. Kuyambira tsiku lachisanu muzidula njere khumi tsiku lililonse kuti muone ngati nthawi yoyanika yakwana.